Kemisitiri ya a Nakolopa

Likulu loona za zipatala linalengeza, kudzera m'chikalata cha zidindo ziwiri ndi siginecha yosawerengeka, kuti kuyambira mwezi wotsatira anthu okolopa m'zipatala asadzatchedwenso okolopa. Dzina lawo latsopano linali lakuti "othandizira ukhondo wa malo ochiritsira odwala". Chikalatacho chinafotokoza kuti ganizoli linabadwa pa msonkhano umene akuluakulu anachitira ku hotela ina, ndipo chinapempha madokotala, anamwino ndi odwala omwe kuti alemekeze kusinthaku. Yunifolomu nayo inakhudzidwa: thumba la diresi, limene linali kumanja, linalamulidwa kusamukira kumanzere. Za mopu chikalatacho sichinanene kanthu.

M'munsi mwenimweni munali kandime kena kakafupi. Kanati wothandizira aliyense amene ali ndi kirediti mu kemisitiri ndi fizikisi adzaganiziridwa kuti akaphunzire unamwino, likulu litalipira zonse.

Ambiri sanafike pa kandime kameneka, anathera pa mkangano wa thumba. A Nakolopa anafikapo, n'kubwerezanso, chala chikutsata mzere.

Dzinali anawapatsa ndi anyamata okankha odwala pa machira, ndipo linakakamira mpaka a metroni, mkulu wa anamwino, ankawaitana nalo pamaso pa alendo osadziwa kuti linayamba ngati chipongwe. Anali atakolopa wodi ya amuna zaka pafupifupi makumi awiri. Wodiyo ankaidziwa kuchokera pansi: miyendo ya mabedi, masilipasi a odwala, ndi zonse zimene munthu amakankhira kunsi kwa bedi poganiza kuti akumuona ndi Mulungu yekha. Msana unali utayamba kudandaula. Dokotala wina wachinyamata anawapima, anawalembera mapilitsi, n'kuwalangiza mwachifundo kuti asamawerame kwambiri. Atatero anawalozera pamene wodwala wa pabedi lapakona anasanza.

Sukulu anamaliza ndithu, setifiketi inali m'sutikesi pansi pa zovala za kutchalitchi. Kungoti m'masiku awo ahedi ankaima pakhomo tsiku loyamba la Fomu 3 n'kumagawa ana ndi chala: anyamata ku sayansi, atsikana kokaphunzira kusoka ndi kusamalira pakhomo. A Nakolopa anakhoza bwino kwambiri phunziro losamalira pakhomo, ndipo dziko linawakhulupirira.

Chimene ankafuna tsopano sichinali chachikulu. Ankafuna kugwira ntchito ataimirira bwinobwino, kuti odwala aziwaona nkhope osati pamwamba pa duku, msana usanawakanire.

Nkhani yoti abwerera kusukulu anaitula kunyumba Lamulungu masana. Amuna awo, amene amawotcherera zitsulo kumsika, anaseka mpaka kutsokomola.

"Fizikisi? Imeneyotu ndi imene ndimachita ine tsiku ndi tsiku. Mukanangondifunsa, mayi."

"Ndiye ndipatseni kirediti, bambo, ndisavutike."

Amene sanaseke ndi mwana wawo wotsiriza, mtsikana amene chaka chimenecho ankalowa Fomu 3.

"Amama, sukulu zonse zili m'tauni muno, mwasankha yanga?"

"Ndi imene ili pafupi ndi chipatala. Komanso iwe ndi wam'mawa, ine wamasana."

"Tikakumana pageti musandiitane."

"Ndikuitanirenji? Pakhomo pano ndikakuitana umabwera?"

Sukulu ya masana imagwiritsa ntchito makalasi omwewo ndi aphunzitsi omwewo, ana am'mawa atamaliza nazo. Muli ana amene analephera mayeso, ana amene anasowa malo m'mawa, ndi akuluakulu owerengeka amene moyo unawabweza. A Nakolopa ankaweruka kuchipatala dzuwa lili paliwombo, ankasintha diresi m'chipinda chosungira ndowa, n'kuyenda wapansi mpaka pa desiki yotentha ndi thupi la mwana wina. Anawo ankawatcha Anti, ndipo ankawasiyira mpando wakutsogolo, umene iwo eni sankaufuna.

Mphunzitsi wa sayansi anali bambo wowonda, wachoko mpaka m'nsidze, amene pofika masana amakhala ataphunzitsa kale zonse zimene anabwera nazo. Mankhwala a mu labotale ankabwera kamodzi pachaka, mowerengera ana am'mawa. Pa mapepala a likulu la maphunziro ana amasana sankagwiritsa ntchito mankhwala, choncho sankafunika kuwagulira. Bamboyo ankanyamula botolo lopanda kanthu n'kunena kuti, "Tiyerekeze kuti muno muli asidi." Ankanyamula lina. "Tiyerekeze kuti ndathira. Mwaona chiyani?" Ana ankayankha zimene zinalembedwa pa bolodi. Motero anatchedwa a Tiyerekeze, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa khomo la ofesi ya aphunzitsi.

Labotaleyo inali ya matebulo ataliatali okhala ndi zipsera zamoto, timipopi ta gasi timene sitinatulutsepo gasi, ndi tchati cha maelementi chimene chiswe chinadya mzere wam'munsi. Kumbuyo kunali sinki. Munthu wotsuka zipangizo anapuma pantchito kalekale, ndipo malo ake, monga ananenera ahedi, anali m'manja mwa likulu.

Tsiku loyamba kulowamo, a Nakolopa sanamve mawu oyamba a phunziro. Maso awo anali pa sinki. Munali mulu wa magalasi amene ana am'mawa anasiya, ena a madzi abuluu, ena a zoyera zouma m'mbali, pamwamba pake ntchentche ikuyendera. Anayesa kuyang'ana bolodi. Manja anawayabwa. M'chikwama ankayenda ndi kachidutswa ka sopo, monga amachitira munthu aliyense wodziwa zimbudzi za m'tauni. Belu lisanalire magalasi onse anali ataima pa tebulo mwa msinkhu wake, ali mbee.

A Tiyerekeze anayenda mozungulira tebulolo ngati munthu amene wapeza msuweni wake amene ankamuyesa wakufa.

"Ana inu, tayang'anani kuno. Wasayansi ndi uyu. Sayansi imayamba ndi ukhondo."

Chibadwire palibe anali atawatchulapo wasayansi. Mawu amenewo anawadyera zaka ziwiri.

Poti magalasi tsopano ankakhala oyera, a Tiyerekeze anayamba kubisa timankhwala totsala m'mawa kuti nawo amasana azionako pulakitiko yeniyeni. Koma magalasi anali ochepa, ana ambiri. Gulu lina likamaliza, lina linkadikira zoyera. "Anti, tatithandizani aka." "Anti, aka kali ndi thovu." A Nakolopa ankaima pa sinki, nkhope kukhoma, ndipo kemisitiri yonse inkachitika kumbuyo kwawo. Ankangomva ana akufuula, "Eee, yasintha! Yasintha!" Potembenuka, manja ali chonyowa, inali itasintha kale.

Zipangizozo anazidziwa ndithu. Byureti, galasi lalitali ngati ndodo lokhala ndi kampopi kumunsi, ankaidziwa kuti imafuna kaburashi ka waya ndi kuleza mtima. Pipeti, kagalasi kotupa pakati koyezera madzi, ankaidziwa kuti imasunga dontho kunsonga. Ankadziwa imene ili ndi mng'alu ndi imene kampopi kake kamalimba. Chimene zimachita zikachoka m'manja mwawo ankachiwerenga m'buku, m'basi, ndiponso pa benchi ya kuseri kwa wodi pamene pansi pakuuma.

Fizikisi inali yachifundo, chifukwa mulibe chotsuka. Ankagwedeza kamwala kolendewera pa ulusi n'kumawerenga, ankalumikiza mabatire ndi timababu, ndipo masamu ake, ngakhale ankalowa mochedwa, akalowa sankatulukanso. Tsiku lina a Tiyerekeze anafotokoza kuti mu fizikisi munthu amene wasenza ndowa yodzaza, koma waima malo amodzi, sakugwira ntchito iliyonse.

"Nawonso a metroni amatero," anatero a Nakolopa.

Kalasi inaseka, iwo sanaseke.

Anali mwana wawo amene anaitulutsa nkhani ya pa sinki ija poyera, chaka chachiwiri chili pakati. Ankachapa mayunifolomu kuseri kwa nyumba, wina beseni lake wina lake.

"Amama, pipeti munayezerapo?"

"Ndimaidziwa."

"Sindinafunse ngati mumaidziwa. Pa pulakitiko mumatani?"

"Ndimakhalapo."

"Mumatsuka. Sukulu yonse ikudziwa. M'kalasi mwathu munthu akafuna kutsuka, anzake amati siya, abwera Anti."

A Nakolopa anafinya kolala ya diresi. "Iwenso umasiya?"

Mtsikanayo anayang'ana m'beseni.

"Ndinadziwa. Pali kagalasi kena kamakhala ndi madzi pang'ono pansi, kataikidwa m'mphepete mwenimweni mwa tebulo. Ndi momwe umasiyira kapu pakhomo pano."

"Nanga ndikatsuke ndekha anthu onse akuona? Adziwa kuti ndinu amayi anga."

"Ayi, usadzipereke."

"Koma Amama, pa mayeso mudzakhala nokha ndi byureti. Simudzapatsidwa malikisi a sopo."

Mawuwo anawalasa, moti pa pulakitiko yotsatira anakhala pa mpando wakutsogolo, manja atapinda, chikwama chili chotseka. Sinki inali yodzaza. A Tiyerekeze analowa atafumbata kabotolo ka asidi weniweni, anayang'ana sinki, anayang'ana a Nakolopa, n'kuyang'ananso sinki. Sanali munthu wolamula mayi wamkulu. Anapumira m'mwamba, anabweza kabotoloko m'thumba la jekete, n'kutola choko.

"Chabwino. Tiyerekeze kuti magalasi ndi oyera."

Kalasi yonse inatembenukira kwa Anti. Kamtsikana kena ka pambali pawo, kamene kanali katalephera kale kawiri, kanangoti, "Anti," motsitsa, ngati mwana wopempha madzi. A Nakolopa anatsegula chikwama.

Mayeso a pulakitiko anafika nyengo yotentha. Aliyense anapatsidwa malo ake pa tebulo: byureti yake, pipeti yake, kabotolo ka asidi, ndi madzi ena oti akathiramo dontho la mankhwala asanduke apinki. Ntchito inali kudontheza asidi m'madzi apinkiwo mpaka mtundu uzimirire, kulemba kuchuluka kwa asidi amene walowa, kubwereza katatu, kenako masamu. A Nakolopa zonsezi ankazidziwa pamtima ngati pemphero.

Koma zipangizo za mayeso sizinali zawo zija. Zinabwera m'makatoni kuchokera ku sukulu ina, ndipo atakweza byureti yawo kuwindo anaona chimene wina aliyense m'chipindamo sakanaona: kamzere kotuwa mkati, kuyambira pakati mpaka kumunsi. Anayesa kukaiwala. Anatsegula kabotolo ka asidi. Anakatsekanso. Munthu angathire bwanji chinthu cha mayeso a boma m'galasi lotere?

Woyang'anira mayeso, mayi wa magalasi amaso wochokera ku sukulu ina, anawapeza pa sinki.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikutsukako pang'ono. Mwaona mkatimu?"

"Nthawi ikupitatu."

"Ndatsala pang'ono."

Atatha byureti anaona kuti pipeti nayo si yabwino. Pobwerera pamalo pawo anzawo anali pa ulendo wachiwiri. Anagwira kampopi kagalasi kaja mwaphuma. Anatsegula kwambiri, asidi anathamanga, pinki inazimirira iwo akuyang'ana pa byureti. Anayambanso. Belu linawapeza ali ndi nambala imodzi m'malo mwa zitatu, ndipo nayonso inali yokayikitsa, chifukwa m'byuretimo munali mutatsala madzi a pampopi. Woyang'anira uja analemba mu lipoti lake kuti pa sukuluyi ukhondo wa zipangizo ndi wosiririka.

Zotsatira zitatuluka, mwana wa a Nakolopa uja anakhoza zonse, anapita kukoleji. Amayi ake anapeza kirediti mu fizikisi. Kemisitiri analephera.

"Basi, mwayesa," anatero amuna awo. "Theka ndi theka. Mupite nalo theka lomwelo, mwina akakupatsani unamwino wa odwala a mbali imodzi."

Anakalembetsanso. Sikuti anali ndi mphamvu, analibe. Miyendo inkatupa, m'basi ankagona n'kupitirira siteji. Koma msana unali utafika poti m'mawa ankavala nsapato atakhala pansi, ndipo kandime kaja kanali kadakali pa bolodi la chipatala, katachita chikasu, palibe anakachotsa.

Tsiku loyamba la chaka chachitatu, asananyamuke kuchipatala, anapita kwa namwino wina wachikulire amene anagwira naye ntchito m'wodimo kuyambira kale.

"Asisitala, ndimangeni bandeji."

"Mwavulala pati?"

"Sindinavulale. Ingondimangani. Zala musiye panja."

Namwinoyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, anamva nkhani yonse, n'kutenga bandeji. "Dzanja liti?"

"Lamanzere. Lamanja ndilembera."

Zimene pakamwa pawo panalephera kunena zaka ziwiri, bandeji inanena pa mphindi imodzi. A Tiyerekeze ataiona anagwira pachifuwa. "Pepani, Anti, pepani kwambiri. Lisakhudze madzi limenelo. Ana inu, kusinki, awiriawiri!" Ndipo ana anapita kusinki, n'kupezeka kuti manja anali nawo nthawi yonseyi. Ankatsuka moipa. A Nakolopa ankaona thovu lotsalira m'magalasi, ankaluma mlomo, n'kuyang'ana kudenga. Pa maphunziro onse a kemisitiri, limeneli ndi limene linawavuta kwambiri.

Bandejiyo inkamangidwa masana aliwonse a pulakitiko n'kumasulidwa m'basi pobwerera. Miyezi itapita a Tiyerekeze anafunsa ngati chilondacho sichikupola.

"Chipatala chathu mukuchidziwa, aphunzitsi."

A Tiyerekeze anagwedeza mutu momvetsa. Tsiku lina namwino uja anali patchuthi, ndipo amene anamanga, mwachangu chake, anamanga dzanja lamanja. A Nakolopa anazindikira atakhala kale pampando. A Tiyerekeze anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, choko chili m'mwamba.

"Tiyerekeze kuti ndi lomwe lija," anatero, n'kupitiriza phunziro.

M'chaka chimenecho ndi mmene a Nakolopa anaonera koyamba kusintha kuja ndi maso awo. Anatsegula kampopi pang'onopang'ono, dontho, dontho, akugwedeza kagalasi ka madzi apinki, ndipo pa dontho lina pinki yonse inangoti zii, madzi n'kukhala oyera ngati a pampopi. Ana a pagulu lawo anafuula. Iwo anangoyang'ana. Zinali ngati banga likuchoka pa nsalu, kungoti popanda kufikisa.

"Basi? Ndi zomwezi?"

"Ndi zomwezo, Anti. Lembani nambala."

Pa mayeso achiwiri byureti inabweranso ndi kamzere kake. Anaitsukuluza kamodzi ndi asidi yemweyo monga limanenera buku, osaikwezanso kuwindo. Anapeza nambala zitatu zoyandikana. Kirediti inabwera, yotsiriza kumunsi, yoti ikanatsetsereka pang'ono ikanagwa, koma kirediti.

Anavala diresi ya thumba lakumanzere, yosita, n'kupita ku ofesi ya mkulu woona za antchito. Anali bambo wonenepa bwino, waulemu, amene pa tebulo pake panali mafayilo ochuluka moti munthu ankalankhula naye kudzera pampata. Anawerenga masetifiketi onse awiri, anaimirira, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Mayi, mwatichotsa manyazi. Chipatala chonse chino ndinu nokha amene mwachita zimenezi. Ndidzakutchulani pa msonkhano."

"Zikomo, bwana. Nanga sukulu ya unamwino ndipita liti?"

"Eya. Funso labwino." Anakhala pansi. "Chikalata chija chikugwirabe ntchito, musadere nkhawa, palibe anachifafaniza. Chatsala ndi chikalata china chofotokoza mmene chikalata chijachi chidzagwirire ntchito. Komiti yake inasankhidwa kale."

"Ikumana liti?"

"Ikangopatsidwa wapampando."

A Nakolopa anagwira msana. Kuyimirira kunkawawa, kukhala kunkawawanso, ndiye anangosintha mwendo.

"Bwana, zaka zanga zikupita. Msanawu..."

"N'chifukwa chake sitikusiyani choncho. Munthu wa sayansi ngati inu sangamakolope wodi ya amuna, anthu angatiseke. Ndilankhula ndi a metroni lero lomwe. Tikuikani malo ogwirizana ndi maphunziro anu, podikira."

Ndipo pa zimenezi bwanayo sananame. Kalata inatuluka sabata yomweyo, ya chidindo chimodzi, yowayamikira chifukwa cha khama lawo ndi kuwasamutsa, pa giredi yomweyo ndi malipiro omwewo.

Kuyambira Lolemba lotsatira a Nakolopa amagwira ntchito ku labotale ya chipatala, kumene amatsuka timabotolo ta mkodzo ndi makhololo. Sinki ya kumeneko ndi yotsika kuposa ya kusukulu.